Kamtsuko ka Kuseri kwa Bafa

A Sellina ndakhala nawo mpanda umodzi ku Chinyonga zaka khumi ndi chimodzi. Khomo langa limayang'anana ndi lawo, mpopi ndi umodzi, chingwe choyanikapo zovala ndi chimodzinso. Ndiye ndikamanena za iwo musayese n'zongomva. Ine ndine Halimatu, ndimagulitsa masamba ndi tomato mumsika wa Limbe. Mayi amenewa ndimawakonda, ngakhale kuti tinakhalapo masabata atatu osapatsana moni chifukwa cha dzungu.

Kwawo ndi ku Nsanje, cha kumunsi kwa Bangula, kumene Shire akakhuta amakagona m'minda ya anthu. Anachokako asanakwanitse zaka makumi awiri. Anayamba ndi ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa, kenako anapeza yokolopa mu ofesi ina m'tauni, ndipo mpaka lero ali komweko. Mabwana asinthana asanu, iwo ndi mopu wawo ali pomwepo. Anakwatiwapo ndi bambo wina dzina lake Joseph. Atamva kuti bamboyo ali ndi khomo lina ku Ndirande, sanakuwe, sanaitane ankhoswe. Anamuchapira zovala zonse, kusita bwinobwino, kulongedza m'chikwama, n'kuchiika kunja kwa geti. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Daisy, anamulera okha, ndipo pano akugwira ntchito ku Lilongwe.

Koma chimene aliyense ku Chinyonga amawadziwa nacho ndi tsache. Amasesa asanapite kuntchito, amasesanso akaweruka, ngati kuti kukolopa tsiku lonse kuja sikunawakwane. Kaudzu kakangosuzumira pabwalo pathu, kamafa tsiku lomwelo. Ine nditayesa kudzala mpiru m'chitini, chitinicho ndinakachipeza kuseri kwa nyumba yanga chitasunthidwa mwaulemu.

"Matope ndinaponda okwanira moyo wonse," amatero. "Wofuna munda apite kumudzi, maminibasi alipo."

Mwezi wa Meyi chaka china kunabwera mayi awo kudzacheza. Ndi mayi wamng'ono thupi, wowuma, wa pakamwa pakuthwa kuposa mwana wawo. Anazungulira bwalo lonse ndi maso n'kufunsa kuti, "Kodi pano pamakhala anthu kapena ndi pachipatala?" Kuyamikira sadziwa mayi amenewo. A Sellina akawaphikira nyama, amati mchere wachepa. Akawagulira chitenje, amati n'chopyapyala.

M'thumba mwawo munali dzungu limodzi, lotuwa, la mimba yaikulu ndi khosi lalifupi. Kwawoko amalitcha kamtsuko, ngakhale likule bwanji. Anati mbewu yake anaitenga kwa mayi awo, iwonso kwa mayi awo, ndipo sinayambe yadutsapo mumsika. A Sellina ataphika anandipatsako chibenthu. Ine maungu ndagulitsa amitundumitundu, koma lofumbutuka ndi kutsekemera chonchija ndinali ndisanalidyepo. Ndinathamanga kukapempha nthanga.

"Ndataya kudzala," anatero a Sellina.

"Mwataya kudzala m'malo modzala?"

Anangondiyang'ana ngati ndawapempha makoko a nthochi.

Dzala lathu ndi dzenje laling'ono kuseri kwa bafa. Mvula ya Disembala itagwa, m'mphepete mwake munamera maungu asanu, opanda wowadzala. A Sellina anazula anayi. Lachisanu linali lochenjera, linamera kuseri kwa lata lakale limene linatsamira pakhoma la bafa, ndipo pamene ankaliona linali litayanga kale, masamba ake a mawanga oyera aakulu ngati mbale. Ndinawagwira dzanja ali pafupi kulizula.

"Anzanga, tidyeko nkhwani kamodzi kokha."

"Mpaka Nyuwere," anatero. "Ikadutsa, ndizula."

Nyuwere inadutsa, koma mvula inagwa masiku otsatizana moti panalibe amene ankafuna kuzungulira kuseri kwa bafa. Kenako tinamva kuti kumunsi madzi asefukira. Masiku awiri foni ya mayi awo sinkapezeka. A Sellina ankapita kuntchito, kubwerako, kusesa bwalo lonyowa, osalankhula ndi munthu. Tsiku lachitatu madzulo foni inalira. A Sellina anali pakhonde, ine ndikusankha tomato pakhonde langa, ndipo poti foni yawo imalankhula mokweza, ndinamva zonse.

Mayi aja anali moyo. Anali pasukulu ina kumtunda pamodzi ndi anthu a mudzi wonse. Nyumba inali itapita, mbuzi zitapita, munda utakwiririka ndi mchenga.

"Nyumba ndi dothi, tiumba ina," anatero mayiwo. "Mbuzi zimagulidwa. Koma kamtsuko ndikagula kuti? Kena kanali m'munda, nthanga zotsala zinali m'chitini kudenga. Onse amene ndinawagawira ali pano, manja lendee ngati ine. Mayi anga anandisiyira m'manja, ine ndakataya."

Kenako analira. A Sellina anandiuza pambuyo pake kuti ngakhale pamaliro a bambo awo, mayiwo sanalire chonchija.

Foni itaduka a Sellina ananyamuka kulowera kuseri kwa bafa. Ndinawatsatira. Ndipo ndinaona ndi maso angawa a Sellina atagwada m'matope, atavala siketi ya kuntchito, akutembenuza masamba. Chaka chonsecho panalibe dzungu lina limene linaphikidwa mumpanda mwathu, koma ankafuna umboni. Anaupeza. Kunsi kwa duwa lina kunali kadzungu kochepa ngati chala chachikulu, kali ndi mimba ndi khosi.

Anaimbanso foni manja ali matope okhaokha.

"Mama, kalipo. Kamera kuno."

"Usandinamize ine, ndine wamkulu."

"Kalipo, mama. Tsinde limodzi."

Kenako mawu aja anabwerera m'malo mwake, akuthwa ngati kale. "Ndiye ukasamale. Ndikufuna dzungu limodzi lokhwima, basi. Ndipo munthu asakaloze chala."

Lamulo limeneli tonse tinakula nalo. Dzungu laling'ono sililozedwa, ukaliloza limafota n'kugwa. Ukafuna kuonetsa mnzako, umapinda chala kapena umatukula mlomo. Kaya n'zoona, kaya akuluakulu ankangofuna kuti ana asamasewere m'munda, ine sindinafufuzepo. Vuto linali lakuti mumpanda mwathu muli amuna anga.

A Sulemani amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Zaka makumi awiri akhala akuloza: khotani apo, imani apo, chikwangwani icho simukuchiona? Chala chawo chamkombaphala sichidziwa kupuma. Ngakhale mchere patebulo sautchula dzina, amauloza. Ndiye Loweruka lina madzulo, akuchokera kosamba thaulo lili pakhosi, anaima, n'kusangalala ndi mtima wonse.

"Eee, taonani kadzungu ako! Ako, ako!"

Chala chili tololo. A Sellina anagwetsa tsache.

Patapita masiku atatu kadzungu kaja kanachita chikasu n'kugwa. A Sellina anakanyamula m'manja ngati kamwanapiye kakufa. Kanabwera kachiwiri. A Sulemani anauzidwa, analonjeza, ndipo anayesetsa ndithu. Koma tsiku lina anabwera mnzawo kudzabwereka jeke, ndipo pomufotokozera kuti pali kadzungu kamene sikalozedwa, anamuonetsa kamene akunenako ndi chala. Nakonso kanagwa.

Apo ndiye a Sellina anaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno.

"Mayi Halimatu, amuna anuwa muwauze, chala chawocho azichisiya kuntchito."

Ine ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Amuna anga ndimawanena ndekha tsiku lililonse, koma wina akawanena magazi amandithamanga. Ndinayankha zimene sindinayenera kuyankha.

"Chala chimenechi chadyetsa banja zaka makumi awiri. Lero chisanduke cha mfiti chifukwa cha dzungu la pazinyalala?"

Mawu akuti pazinyalala aja anawalasa. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mwakachetechete, ndipo ndikanakonda akanachimenyetsa. Kuyambira tsiku limenelo moni anatha. Pampopi tinkadikirana ngati alendo.

A Sulemani ndi munthu wamtendere. Anayamba kudutsa pabwalo manja onse awiri ali m'matumba, ngakhale pochokera kosamba, moti sopo ankamupana m'khwapa. A Sellina anamanga mpanda wa matumba a simenti kuzungulira tsinde lawo. Mayi amene sankafuna kuona chitini cha mpiru uja tsopano ankabwera kuchokera kuntchito ndi jumbo ya manyowa a nkhuku. Kachitatu kanatuluka, kanafika ngati dzira, n'kugwa. Ndinamva akuuza mayi wina wa kutchalitchi kwawo kuti bamboyo analoza chala chili m'thumba momwemo. A Sulemani atamva anandifunsa, nkhope ili yachisoni, ngati zimenezo n'zotheka.

Tinkaseka, koma nkhani sinali yoseketsa. Febuluwale anali kutha, mvula inayamba kudumphadumpha, masamba akunsi anayamba kuyera ngati awazidwa ufa. Tsinde la dzungu silikhala mpaka kalekale. Lamulungu lililonse masana foni inkalira, ndipo ine ndinkamva ndili m'nyumba.

"Kakula bwanji?"

"Kakukula, mama."

"Kafika pati?"

"Ngati mutu wa mwana."

A Sellina samanama. Akhoza kukunyoza, koma bodza ayi. Kuwamva akunamiza mayi awo kunandipweteka kwambiri. Koma chifukwa cha kunyada sindinatuluke.

Chinatithandiza ndi chimfine. Ine ndimachoka m'bandakucha kukapikula masamba, ndiye zochitika pabwalo dzuwa likamatuluka sindiziona. Lachiwiri lina chimfine chinandigoneka, sindinapite kumsika. Cha m'ma sikisi ndinatuluka kukatunga madzi, ndipo ndinaona a Sellina atawerama m'kati mwa mpanda wawo wa matumba, mbale ili m'manja. M'mbalemo munali chiluwe, maluwa achikasu a dzungu, ongothyoledwa kumene.

"Mukutani?" Amenewa anali mawu anga oyamba kwa iwo m'masabata atatu.

Anandiyang'ana cham'mbali, n'kuyankha ngati akuuza khoma. "Ndikuchotsa opanda pakewa."

"Opanda pake ati?"

"Awa a pakamtengo kataliwa. Alibe kadzungu kunsi. Angodya chakudya cha anzawo obereka."

"Mwayamba liti?"

"Tsiku lomwe mama anaimba lija. M'mawa uliwonse, ndisanapite kuntchito. Sindisiya ngakhale limodzi." Ananena monyadira ndithu. "Ndi tomato amakoma."

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira, misozi ndi mamina kusakanikirana. A Sellina anaimirira, nkhope itauma.

"Chosekacho n'chiyani?"

"Anzanga, amenewo ndi amuna!"

"Amuna ati?"

"Maluwa mwathyolawo. Awo a kadzungu kunsiwo ndi akazi, awa ndi amuna. Njuchi imatenga ufa kwa awa kupititsa kwa awo. Inu mwathamangitsa amuna onse pakhomo pano, ndiye ana achokera kuti? A Joseph munawalongedzera Daisy atabadwa kale. Awa mukuwalongedzera ukwati usanachitike!"

Mawu atatuluka ndinaluma lilime. Nkhani ya a Joseph sitchulidwa mumpanda mwathu. A Sellina anayang'ana mbale, kuyang'ana ine, kuyang'ananso mbale. Kenako anakhala pa ndowa yovundikira, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa akulira. Ankaseka, koma misozi inaliponso.

"Ndiye nthawi yonseyi mfiti ndine?"

"Ndinu nomwe."

"Mwana wa mlimi ine," anatero akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Kumudzi ndinachoka ndikudziwa kupalira basi. Chiluwe ankathyola ndi mama, ine ndinkangochiona m'mbale. Sindinkadziwa kuti ankasiyako ena."

M'mawa umenewo maluwa aakazi awiri anali atatsegula. Njuchi ku Chinyonga n'zosadalirika, ndiye ndinachita zimene ndinaona kwa amayi a ku Bvumbwe amene ndimawapikula masamba. Ndinatenga duwa limodzi m'mbale muja, kulichotsa zofewa zachikasuzo kuti patsale kamtima ka ufa, n'kukapaka m'kati mwa duwa lalikazi. Lachiwiri anapaka okha a Sellina, akufunsa ngati sakulipweteka.

Tili m'kati mokwatitsa choncho, a Sulemani anatuluka kupita kuntchito, manja m'matumba, nkhope atatembenuzira kukhoma kuti ngakhale maso asaloze. A Sellina anapita kukawatsekera njira, n'kunjuta mwaulemu.

"Bambo, ndinakulakwirani. Tulutsani manja."

"Ayi mayi, ndazolowera."

Titawafotokozera, anasangalala ngati mwana. Anati poti ukwati wachitikira pakhomo pawo, iwo ndiwo nkhoswe. Komabe dzungu limenelo sanalilozepo mpaka kukhwima kwake. Ankati zachiluwe wamva, koma kusamala sikulakwika.

Mwa awiri aja, kamodzi kanagwa, kena kanagwira. Kanadutsa pa dzira, kanafika pa chibakera, ndipo Lamulungu lina a Sellina ananena kuti kali ngati mutu wa mwana, ulendo uno zili zoona. Anakaikira thabwa kunsi kuti kasaole. Madzulo aliwonse ankakapukuta ndi kansalu, ine n'kumati mabwana a kuofesi akanadziwa akanachita nsanje. Anthu ankabwera kudzapempha nkhwani, koma ankabwerera pageti. Ngakhale ine amene ndinalipulumutsa tsinde lija ndi pempho la nkhwani, sindinalawe tsamba ndi limodzi lomwe.

Kumayambiriro kwa Meyi tsinde linauma. Ndinayesa kubaya khungu la dzungu ndi chikhadabo, sichinalowe. Ndinati lakhwima. A Sellina analidula ndi mpeni wa m'khitchini, kulikulunga m'chitenje, n'kundiuza kuti Loweruka ndisapite kumsika.

"Mwakwatitsa ndinu. Mukaperekeze mwana."

Kondakitala wa minibasi anafuna kuliika kumbuyo pamodzi ndi matumba a anthu. "Mami, katunduyo ku buti." A Sellina anamuyang'ana kamodzi, ndipo mnyamata wa pakamwa ngati uja anangoti, "Chabwino, mami, khalani nalo." Tinatsika mapiri a ku Chikwawa dzungu lili pamiyendo, iwo atalikumbatira pokhota paliponse. Kuyambira pa Nchalo kutentha kunandikhaulitsa, ine wa ku Limbe, koma a Sellina ankapepesa dzungu ndi mpango.

Mayi aja tinawapeza kumtunda, pamalo atsopano amene anthu a mudzi wawo anapatsidwa. Kanyumba kanali ka udzu, kumbuyo kwake njerwa zosawotcha zili pamzere. Moni anali wachidule. Analandira chitenje chija, kumasula, kulitembenuza dzungu uku ndi uku, kuligogoda ndi nkhonya.

"Laling'ono," anatero.

A Sellina anandiyang'ana ngati akuti, mwawaona?

Mayiwo anatenga mpeni n'kuling'amba. M'kati munali mwa chikasu chakuda ngati cha dzira la nkhuku ya lokolo. Anapisa dzanja, kutulutsa nthanga zodzaza chikhatho, zonenepa, n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anazitsuka okha, osalola munthu kuwathandiza, n'kuziyanika palichero. Mbiri inali itamveka. Amayi anayamba kufika mmodzimmodzi, kuima chapatali, kuyang'ana lichero, ena atagwira pakamwa. Dzungu lija linaphikidwa, aliyense analawa kachibenthu kochepa. Mwini wake sanasunthe. Anakhala pambali pa lichero ndi kandodo masana onse, kuingitsa nkhuku.

M'mawa mwake, tikukonzeka kunyamuka tisanamwe n'komwe tiyi, anatiitana. Nthanga anali atazigawa milu iwiri yofanana. Mulu umodzi anati ndi wawo ndi anzawo aja. Winawo anaumanga m'kansanza, kumanga mfundo ziwiri, n'kuuika m'manja mwa a Sellina.

"Ukaziyanikenso masiku atatu. Usaike m'pulasitiki."

"Mama, izi n'zanu. Ine ndilibe munda."

"Uli nawo. Dzungu ili linamera m'mwamba?"

"Zinangochitika, mama. Ine ndinataya."

"Ndiye ulendo uno usataye." Anawapinda zala kuti afumbate kansanzako, osachotsa dzanja lawo pamwamba. "Kuno madzi aidziwa njira. Adzabweranso. Akadzabwera ine kulibe, abale ako asadzasowe kogogoda."

Mayiwo anawayang'ana m'maso, n'kunena motsitsa mawu, "Takhuta, mwananga."

Ine ndinadabwa, poti m'mimba munalibe kanthu chidzukire. Tili m'minibasi ndinafunsa kuti mayi akhuta chiyani m'mawa uno. A Sellina anali atayang'ana pawindo, kansanza kali m'chikhatho, chikhatho chili pachifuwa. Anandiyankha titadutsa Bangula.

"M'Chisena ndi zikomo," anatero. "Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, anzanga. Aka n'koyamba kundiuza."